Kuseri kwa Golo la Kumtsinje

Ndikukumbukira kuti kusukulu kwathu, chakufupi ndi pa Ulongwe, nyengo sitinkaidziwa ndi kalendala yokha. Mphepo ikayamba kuzizira, tchire litapsa, malambe akugwa okha m'mitengo, m'mawa wina tinkangoona kansalu kofiira katapachikidwa pansungwi yaitali kumunsi kwa bwalo la mpira, pamene nthaka imatsetsereka kupita kumtsinje. Kansaluko kankatanthauza kuti chinamwali cha jando chayamba. Kupitirira pamenepo, m'bango ndi m'mitengo yowirira, kunali ndagala, msasa umene anyamata achiyao ankavinidwirako. Lamulo lake ankalidziwa aliyense: mwamuna wosavinidwa akadutsa kansaluko, kaya ndi mwana kaya ndi wa imvi, ankamugwira n'kumulowetsa, ndipo ankatuluka tsiku lotuluka anzake onse.

Ine ndinali wosavinidwa. Bambo anga anali Msilamu, mayi anga Mkatolika, ndipo onse anamwalira ndisanadziwe kumanga kabudula. Anandilera ndi agogo anga, mayi wa mayi anga, amene ankagulitsa fodya wamphuno pamsika ndipo ankakhala ndi mantha pa chilichonse. M'mawa uliwonse ankandigwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati thupi latentha. Ndikatsokomola kamodzi ankayang'ana kumwamba ngati akufunsa kuti kodi ndi uyunso. Chaka ndi chaka, nyengo ya jando ikamayandikira, mng'ono wa bambo anga ankabwera kudzakamba zoti mwana wa mkulu wake akavinidwe. Agogo ankamuyalira mphasa bwinobwino, kumupatsa madzi, kenaka n'kutembenuzira kwa iye khutu limene ankati silimva. Iye akachoka ankandiuza kuti, "Watsala ndiwe wekha. Kumene sindingathe kukugwira pachipumi, sukapitako."

Anzanga ambiri a m'kalasi anali atapitako kale. Ankabwerako ndi mayina atsopano ndi kayendedwe kena, ndipo ankandiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mbuzi ya eni ake. Sindinkadana nako kundagala, ndipo masiku ena ndinkawasirira. Koma ndinkaopa mpeni, ndinkaopa nkhani zimene ana ankauzana monong'ona, ndipo koposa zonse ndinkaopa zimene zikanawachitikira agogo atamva kuti ndili kumeneko. Choncho ndinakula ndili mwana wosalankhula, woyenda m'mbali mwa njira, woona zonse.

Amene anaona kuti kuona kwangako kuli ndi ntchito anali a Chapola. Iwowa anabwera pasukulu pathu kuchokera ku Phalula ali mnyamata, ndipo pamene ine ndinkafika m'kalasi mwawo n'kuti ataphunzitsa kale abambo a anzanga ena. Anali wamtali, wopyapyala, wovala kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo ngakhale kutenthe bwanji. M'mawa ankaphunzitsa masamu, masana mpira, ndipo wenzulo yawo inkakhala m'khosi pachingwe cha nsapato kuyambira kucha mpaka kuda. Chiyao anachiyesetsa zaka zonsezo koma chinawakana. Akapereka moni pamsika amayi ankayankha mwaulemu, iwo akangodutsa n'kugwirana mapewa ndi phwete. Mpira wachikopa pasukulu ponse unali umodzi. Unkagona kunyumba kwawo, ndipo Loweruka lililonse ankaupaka mafuta a mbuzi atakhala pakhonde, kuusoka pamene wayamba kumasuka, ngati mayi akusamalira khanda.

Tsiku lina ndili pansi pa mlambe kuonerera anzanga akusewera, anabwera n'kuima pambali panga. Anandifunsa kuti mnyamata amene anali ndi mpira aponyera mbali iti. Ndinaloza kumanzere ndi chala. Anaponyeradi kumanzere. Anandifunsanso kachiwiri, ndinalozanso, ndipo mawa lake ndinali pagolo. Sindinali wamphamvu kapena wamtali, koma ndinkaona phazi la munthu n'kudziwa zimene mutu wake waganiza. Chimene chinkawapweteka mtima n'choti sindinkakuwa. "Lukasi, goloboyi ndi tambala wa timu," ankatero. "Iwe maso uli nawo, pakamwa unasiya kuti?" Ndinkangoyang'ana pansi.

Anali ndi malamulo awo a pabwalo, ndipo limodzi linali la ife a pagolo. Magolo athu analibe ukonde, inali mitengo ya bulugama basi. Ndiye mpira uliwonse wodutsa goloboyi, kaya walowa kaya wapita kunja, ankakautenga ndi goloboyiyo, mothamanga, osayang'ana kumbali, iwo akuliza wenzulo mpaka abwerere. Ankati munthu akatopa n'kuthamangira mpira amaphunzira kuugwira. Lamulo limeneli linandilowa m'miyendo. Mpira ukandidutsa, miyendo inkanyamuka yokha mutu usanaganize.

Analinso ndi chizolowezi china chimene ndinachimvetsa nditakula. Bwalo lathu linagona kuchokera kumtunda kutsikira kumtsinje, kotero golo limodzi linafulatira matsitso aja. Chaka chilichonse kansalu kofiira kakangokwera, a Chapola ankatenga makasu ndi anyamata akuluakulu, kuzula magolo onse, n'kukawakumbira chopingasa, kuti mpira wophonya uzipita kuminda ya chinangwa kapena kunyumba za aphunzitsi. Anamwali akatuluka ankawabwezera. Sankafotokoza chifukwa, ndipo akuluakulu a ndagala nawo sankanenapo kanthu, koma aliyense ankadziwa kuti ndi mmene mbali ziwirizi zinkapatsirana ulemu.

Chaka chimene ndikunenachi zinalephereka. Akuluakulu a chipani anamanga nsanja m'mbali mwa bwalo, chifukwa kunkayenera kubwera nduna kudzachititsa msonkhano. Nsanjayo inaima ndendende pamene pankakumbiridwa golo lachopingasa. Nduna ija sinabwere sabata imeneyo, kapena yotsatira, koma nsanja inakhalabe, ndi mbendera zake, ndipo masana ena amayi ankabwera kudzayeserera magule patsogolo pake. Masiku amenewo chinthu cha chipani sichinkakhudzidwa. Ngakhale kuyedzamira nsanjayo tinkaopa. A Chapola anapita kwa tcheyamani wa chipani kukapempha kuti isunthidwe pang'ono. Ndinawaona akubwerako akukankha njinga osaikwera, ndipo tsiku limenelo sanatiseketse m'kalasi. Magolo anatsala pomwe anali. Tinali ndi masewero ku Balaka sukulu isanatsekere, ndiye zokonzekera sizikanaima. Anangotiuza kuti tiziponya pansipansi, ndipo ine anandiika kugolo la kumtunda.

Masana a tsikulo kunali mphepo yoipa, yonyamula fumbi ndi zinyalala za chimanga. Titapuma pang'ono, goloboyi mnzanga anati mutu ukumupweteka, n'kukakhala pansi pa mtengo. A Chapola anali atatembenuka kumanga bala la mwana wina amene anapunthwa chala. Anyamata anandikodola kuti ndipite kumunsi poti ndi kumene kunkalowera mpira, ndipo ine, wosadziwa kukana, ndinapita. Sipanapite nthawi. Wina anaumenya mpira ndi mphamvu zake zonse, mphepo inaunyamula, unadutsa pamwamba pa zala zanga, n'kugwera pamatsitso n'kuyamba kudumphadumpha.

Sindinaganize chilichonse. Ndinathamanga, maso ali pampira basi. Ndinamva wenzulo ikulira kumbuyo, ikulira mosalekeza, koma wenzulo inkalira nthawi zonse ndikamathamangira mpira, ndiye ndinangowonjezera liwiro. Udzu wopserera unkandibaya kumapazi. Mpira unagunda mwala, unadumphanso, n'kulowa m'bango. Pamenepo m'pamene ndinamva fungo la utsi ndi nyimbo, pafupi kwambiri, mawu a anyamata ambiri akuyankhira pamodzi. Ndinaima. Nditacheuka ndinaona nsungwi ija ili kumbuyo kwanga, kansalu kake kakupepera.

Ndinayesa kubwerera koma dzanja linandigwira pamkono. Anali anyamata awiri akuluakulu, ena mwa alombwe, ovinidwa kale amene amasamalira anamwali ndi kulondera msasa. Mmodzi ndinamudziwa. Anali Che Amidu, amene zaka zingapo m'mbuyomo ankasewera kumbuyo m'timu ya sukulu yathu, munthu wa chifuwa ngati chitseko, amene ana tinkamutchula tikamakamba za mpira. Sanandimenye. Anandikhazika pansi pa mtengo wa mthethe nditafulatira mtsinje, n'kundiuza kuti ndikangotembenuza khosi nkhani yatha. Mnzake uja anatsika kukaitana akuluakulu.

"Ndiwe mwana wa malemu Che Saidi, eti?" anandifunsa Che Amidu. Ndinagwedeza mutu. "Ndiye wabwera kwanu. Takhala tikukudikira."

Kukhala chofulatira mtsinje kunatanthauza kuti zonse za kumtunda ndinkaziona. Anzanga anali ataunjikana pagolo, palibe amene anayerekeza kutsika. Kamwana kena kanapatuka pagulupo n'kuthamangira njira ya kumsika, ndipo ndinadziwa kuti kakupita kukauza agogo. Kumbuyo kwanga nyimbo inaleka. Ndinkamva nkhuni zikuthetheka, munthu akutsokomola, mapazi akuswa bango. Nyerere zinkandikwera m'miyendo koma sindinazichotse. Khosi linauma chifukwa choopa kuti lingatembenuke lokha.

A Chapola anatsika pang'onopang'ono, osathamanga, wenzulo atailowetsa m'malaya. Atafika pansungwi anaima, phazi lawo osadutsa ngakhale chala chimodzi, n'kunjuta pansi, n'kuomba m'manja. Anapereka moni m'Chiyao chawo chopunduka chija. Tsiku limenelo palibe anaseka. Ine aphunzitsiwo sanandiyang'ane nkomwe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse.

Tinadikira nthawi yaitali. Dzuwa linapendeka, mthunzi wa mthethe unandichoka. Kenaka anatulukira a nakanga, mkulu woyang'anira ndagala yonse, nkhalamba yaifupi ya kofia yoyera imene ndinkaiona masiku onse ikusoka matayala a njinga pamsika. Kumeneko anali munthu wanthabwala. Kuno nkhope yawo inali ina. Anadutsa pambali panga n'kukakhala pamwala moyang'anizana ndi aphunzitsi, nsungwi ili pakati pawo.

"Aphunzitsi, chaka chino magolo simunatembenuze."

"Sindinatembenuze, bambo. Mwaiona nsanja ija."

A nakanga anayang'ana kumtunda, kumene mbendera za chipani zinkapepera. Za nsanja palibe amene ankanenapo kanthu. Anatulutsa kabotolo ka fodya, kununkhiza, n'kunena kuti, "Ndikufunseni. Kubwalo kwanu kuja, mpira ukadutsa mzere, mwana n'kulira kuti sindinafune, inu mumati sunatuluke?"

"Ndimati watuluka."

"Nanga ife mzere wathu ndi wa masewera?"

"Iyayi. Mwana wadutsa, ndaona ndi maso anga."

Ndinkayembekezera kuti akana, kuti anena kuti ndinali ndisanafike, kuti mphepo inasuntha nsungwi, bodza lililonse. Ndipo nthawi yomweyo ndinamva dzina langa kuchokera kumtunda. Agogo anali atafika pagolo. Mkazi sankaloledwa kuyandikira kumeneko, ndiye amayi awiri anawagwira m'manja, iwo akukoka, mpango utagwa. Sankalira. Ankangoitana, "Lukasi, Lukasi," ndi mawu omwe ankandiitanira kuti ndikatunge madzi, ngati akayesa kuti ndi tsiku wamba ndidzangodzuka n'kubwera.

Che Amidu anaweramira kwa a nakanga n'kuwakumbutsa kuti ine ndine mwana wa Che Saidi, ndipo abale a bambo anga akhala akupempha zaka zonsezi. A nakanga anavomera ndi mutu. Anati ngati n'choncho palibe ngakhale mlandu, mwana wangofika kumene anayenera kufika.

A Chapola anayankha kuti za mtundu wa mwana iwo sangalowerere, eni ake alipo, ndi awo akuitanawo. "Koma mwanayu sanabwere yekha. Ndinamutuma ndine. Che Amidu, uwauze akuluwa lamulo la goloboyi."

Che Amidu anakanda m'mutu. Anafotokoza m'Chiyao, mwachidule, akuyang'ana kumbali.

"Mbuzi ikalowa m'munda, mumazenga mbuzi kapena mwini wake?" anafunsa a Chapola. "Mwini wake ndine. Nanenso sindinavinidwe, mukudziwa nonse. Ngati pakufunika munthu woti alowe, alowe wotuma."

A nakanga anaseka pang'ono, kuyesa nthabwala. Koma a Chapola anakhala pansi n'kumasula zingwe za nsapato. Anavula nsapato, kenaka masokosi aatali aja, kuwapinda bwino n'kuwalowetsa m'nsapatomo, n'kuziika pambali mofanana ngati pakhomo la tchalitchi. Ndinali ndisanaonepo mapazi awo. Anali otuwa, oonda, zala zake zopanikizana. Anaimirira. Kenaka ananyamula phazi kulunjika kunsungwi.

Chimene chinachitika sindinachiiwale. Che Amidu, amene ntchito yake inali kugwira odutsa, analumpha n'kukaima patsogolo pawo, miyendo atatangadza, manja kumbuyo. A Chapola anapatukira kumanja, iye anali pomwepo. Anabwerera kumanzere, iye anali atafika kale. Anayesa kumunamiza ndi phewa, mmene ankatiphunzitsira, koma Che Amidu sanayang'ane phewa, anayang'ana m'chiuno, mmene iwo omwe anamuphunzitsira. Mphunzitsi ndi chimphona anavina choncho m'fumbi, wina akufuna kulowa m'mavuto, wina akumukaniza.

"Choka, Amidu."

"Simudutsa, sala."

"Ndati choka."

"Munkanena nokha kuti mpira udutse, munthu asadutse."

A nakanga anayamba kuseka zenizeni tsopano, mpaka kutsokomola, fodya n'kutayika pamwendo. Anakweza dzanja kuti zithe. Anati m'ndagalamo muli ana asukulu a aphunzitsi okhaokha, alombwe nawo ndi ana awo, ndiye akalowa azikawalangiza ndani, ndipo nyimbo zikaimbidwa m'Chiyao chanji. Koma kuseka kutatha nkhope ija inabwerera. Anadzuka n'kubwera kudzaima pamaso panga, pafupi, mpaka ndinamva fungo la utsi m'malaya mwawo.

"Mwanache, waona chiyani kumunsiku?"

Ndinati, "Mpira."

"China?"

"Bango."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti akuyeza ngati ndine mwana woti mawa ndikayamba kufotokozera anzanga zabodza ndi zoona za kundagala. A Chapola anayankhulira kumbuyo kwawo, akupuma mwabefu, kuti akhala ndi ine zaka zingapo akundipempha kuti ndikuwe pagolo ndipo mpaka lero sakudziwa bwino mawu anga. Anati ngati pali mwana m'boma lonse la Machinga woti sangaulule kanthu, ndi ameneyu, poti ngakhale akadaona analibe pakamwa ponenera.

A nakanga anabwerera pamwala pawo n'kuweruza. Anati mwambo subwerera chimanjamanja, chimene chalowa chalowa. Mwana anaima panjira, koma mpira unafika. Choncho mpira ndi wa kundagala, ndipo za kundagala sizibwerera kumudzi. Aphunzitsi abweretsenso tambala wopepesera akuluakulu. Mwana apite, asacheuke.

Ndinaona nkhope ya a Chapola pamene mpira unatchulidwa. Anaomba m'manja n'kuthokoza. Che Amidu anandidzutsa, miyendo itachita dzanzi, n'kundiperekeza mpaka pansungwi. Ine ndi aphunzitsi tinakwera matsitso aja, iwo nsapato zili m'manja. Pakatikati anaima n'kukhala pansi mwadzidzidzi, ati avale nsapato, koma anakhala nthawi ndithu asanayambe kuvala.

Agogo sanandikumbatire. Anandigwira pachipumi, kenaka anandizungulira kundiyang'ana mbali zonse, n'kundigwira dzanja mwamphamvu mpaka kunyumba ngati kamwana. Agogowo sanawayang'ane aphunzitsi. Madzulo amenewo anandiuza kuti mpira ndausiya, ndipo sindinatsutse.

Lamulungu lotsatira a Chapola anabwera kwathu atavala jekete. Anakhala pamphasa n'kupepesa, osadzikhululukira ndi nsanja kapena mphepo. Anati lamulo linali lawo ndipo alithetsa. Kenaka anapempha kuti ndibwerere pagolo. Agogo anatembenuza khutu lija losamva. Iwo anabwereza mokweza.

"Mukachotse mtsinje uja," anatero agogo.

"Mtsinje sindingathe, mayi."

"Ndiye tamalizana."

M'mawa mwake anthu opita kumunda anawaona a Chapola ali ndi khasu okha pabwalo. Anazula golo la kumunsi n'kulikumbira chakumtunda kwambiri, kutali ndi pamene nthaka imayambira kutsetsereka. Kuseri kwake anakumba ngalande, dothi lake n'kuunjika ngati mzere waukulu wa mbatata, ndipo pamwamba anabzala nkhadze. Anagwira ntchito imeneyi masana aliwonse mpaka manja anatuluka matuza. Bwalo linafupika moti goloboyi wamphamvu akanatha kuponya mpira kufika kwa mnzake. Ahedi anadandaula kuti bwalo loterolo silili m'malamulo, ndipo za mpira wotayika anawakalipira pamaso pa aphunzitsi anzawo. Iwo anangoti inde.

Agogo anapita okha kukaona. Anatenga dzungu laling'ono, kuligubuduza kuseri kwa golo, n'kuona likugwera m'ngalande. Analitola, kulipukuta, n'kubwera nalo kunyumba. Sananene kuti alola. Anangonditsukira kabudula wa mpira n'kumuyanika poonekera.

Ku Balaka tinapita titakonzekera ndi mpira wa nsanza ndi luzi, ndipo anatichinya zigoli zimene sindifuna kuzikumbukira. Tsiku lotuluka anamwali, msasa wa ndagala unatenthedwa monga mwa mwambo, ndi zonse zimene zinali m'menemo. Tinaona utsi wake tili m'kalasi. A Chapola anaima pawindo choko chili m'manja, kuyang'ana kumunsi, kenaka anabwerera pabolodi n'kupitiriza samu imene anailekeza. Panapita miyezi yambiri sukulu isanapeze mpira wina. Nduna ija sinabwere konse, ndipo nsanja inadyedwa ndi chiswe mpaka inagwa yokha mvula yoyamba.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mafumu ndi aphunzitsi amagwirizana kuti zinamwali zizichitika sukulu itatsekera, ana ambiri amayamba aonedwa ndi achipatala, ndipo kugwira munthu wodutsa ndi nkhani imene imafika kupolisi. Mipira ili m'sitolo iliyonse, ana amaitaya padenga n'kuiiwala. A Chapola anaphunzitsa pasukulu ija mpaka anapuma, n'kubwerera kwawo ku Phalula, kumene anamwalira ali okalamba kwambiri. Pamaliro awo bokosi linkasinthana mapewa a anthu a makofia ndi a makolona, ndipo Che Amidu, imvi zili mbuu, anakana kulandiridwa mpaka kumanda.

Chaka chatha ndinadutsa pasukulupo tsiku la masewero. Makalasi ndi atsopano, mlambe unagwa, koma golo la kumunsi likadali pamene iwo analikumbira, ngakhale tsopano ndi lachitsulo, ndipo nkhadze zinakula kupitirira mutu wa munthu. Mphunzitsi wa timu yobwera ankakangana ndi woimbira kuti bwalo ndi lalifupi, ana ake sanazolowere. Mnyamata amene amaphunzitsa mpira pamenepo tsopano anatambasula manja n'kunena kuti analipeza choncho, ndipo akafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti alitalikitse amakana osapereka chifukwa.

Ndinakaima kuseri kwa gololo mpaka masewero anatha. Mpira unadutsa kamnyamata ka pagolo kangapo, n'kukodwa m'nkhadze. Nthawi iliyonse kankapita kukautola kakuyenda, kosafulumira, n'kubwerera.